Mabolodi a ADC m'mafakitale: momwe kutentha, kulemera ndi kunjenjemera kwa makina zimasandukira manambala

Ophunzira za uinjiniya, komanso amisiri a magetsi amene ayamba kuitanitsa okha zipangizo kudzera pa intaneti, amakumana ndi chinthu chozunguza mutu. Ukafufuza bolodi ya ADC umapeza kena kokwana m'dzanja ka madola ochepa chabe, ndipo m'munsi mwake muli ina ya madola masauzande. Zonse ziwiri zalembedwa kuti ndi za mabiti 16. Zonse ziwiri zimalandira masensa angapo. Ndiye funso limabwera: kodi eni ake a yodulayo akungotibera, kapena yotchipayo ndi yabodza? Nthawi zambiri palibe wakuba, palibenso wabodza. Mabolodi awiriwa anapangidwira ntchito zosiyana, ndipo nambala ya mabiti imene yalembedwa pakatoni imanena zochepa kwambiri za ntchitoyo.

ADC n'chiyani?

Zilembo zitatuzi zikuimira analog-to-digital converter. Kutentha kwa boyila, mphamvu imene madzi akukankhira paipi, kulemera kwa ngolo ya nzimbe, kunjenjemera kwa mota, zonsezi zimakwera ndi kutsika mosadumpha, ndipo pakati pa madigiri 80 ndi 81 pali tizigawo tosawerengeka. Zoterezi amati ndi za analogi. Kompyuta siimva zimenezo. Imangodziwa manambala olembedwa ndi 0 ndi 1, zimene amati dijito. ADC ndi ka chip koima pakati pa mbali ziwirizi. Kamalandira voteji, kamaiyerekezera ndi voteji ina yodziwika bwino, n'kutulutsa nambala.

Nzeruyi si yatsopano. Injiniya wa ku Britain, Alec Reeves, ali pa ntchito ku Paris mu 1937, anapeza njira yotumizira mawu a munthu ngati manambala. Lero ADC ili m'foni iliyonse, ili mu mita ya magetsi ya mayunitsi imene ili pakhoma panu, ilinso mu sikelo ya dijito ya kubutchala.

Komatu ADC siidziwa kutentha, siidziwa kulemera. Imadziwa voteji basi. Ntchito yosandutsa kutentha kukhala magetsi ndi ya sensa, ndipo masensa ambiri amatulutsa magetsi ochepa zedi. Thermocouple ya mtundu wa K, imene ndi mawaya awiri a zitsulo zosiyana olumikizidwa kunsonga, imatulutsa mamaikirovolti pafupifupi 41 pa digiri iliyonse, ndipo maikirovolti ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a volti. Ngakhale muitenthe mpaka madigiri 500, imangofika pa mamilivolti 20 ndi pang'ono (milivolti ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volti). Load cell, imene imakhala pansi pa masikelo oyezera malole, kawirikawiri imabweza mamilivolti 2 pa volti iliyonse imene yapatsidwa. Mukaipatsa mavolti 10, ikasenza katundu wokwana mphamvu yake yonse imatulutsa mamilivolti 20 okha. Batire ya tochi imatulutsa voteji yoposa pamenepa ka 75.

Tsono fakitale ilibe sensa imodzi. Jenereta ngati za ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire imafuna kuyezedwa voteji ndi karenti ya mawaya ake atatu, kutentha kwa mabeyaring'i ndi mawaya a m'kati, kunjenjemera kwa shafti, ndi zina zambiri, zonse pa nthawi imodzi usana ndi usiku. Khomo lililonse lolowera sensa imodzi limatchedwa tchanelo. Ntchito yonse yotolera miyezo ya matchanelo ambiri n'kuipereka kwa kompyuta mainjiniya amaitchula kuti DAQ.

Ndiye pamene tikunena bolodi, chip ya ADC ndi gawo limodzi lokha. Waya wochokera ku sensa ukafika, umayamba wadutsa pa zida zotchinga voteji yoopsa. Kenako pali amplifaya yokulitsa timagetsi tija, sefa yochotsa zosafunika, nthawi zina switchi yosankha tchanelo, ndiyeno ADC. Pambali pake pali chip yosunga voteji yoyerekezera, wotchi yolamula nthawi yowerenga, ndi memore yosungiramo manambala asanapite ku kompyuta. Ndalama zambiri za bolodi ya m'fakitale zimathera pa zinthu zozungulira ADC zimenezi.

Mabiti ndi masitepe

Mabiti amanena kuchuluka kwa masitepe amene ADC imagawira muyezo wake. Biti iliyonse yowonjezera imachulukitsa masitepewo kawiri. Arduino Uno, bolodi yaing'ono ya kompyuta imene ophunzira ambiri amayambira, ili ndi ADC ya mabiti 10, masitepe 1,024. Mabiti 12 ndi masitepe 4,096, mabiti 16 ndi 65,536, ndipo mabiti 24 ndi masitepe 16,777,216.

Tiyeni tione chimene izi zikutanthauza pa ntchito. Mabolodi ambiri a m'fakitale amayeza kuyambira mavolti 10 kumunsi kwa ziro mpaka 10 kumtunda, onse pamodzi mavolti 20. Pa mabiti 12, sitepe imodzi ndi mamilivolti pafupifupi 4.9. Mukalumikiza thermocouple ija mwachindunji, kutentha kuyenera kusintha ndi madigiri pafupifupi 119 kuti nambala isunthe kamodzi. Pa mabiti 16 sitepe ndi mamaikirovolti 305, amene ndi madigiri oposa 7. N'zosathandizabe. Koma mukaika amplifaya yokulitsa ka 100 patsogolo pa ADC yomweyo ya mabiti 16, sitepe imatsika kufika pansi pa gawo limodzi mwa magawo 10 a digiri. Chip sinasinthe, chasintha ndi njira imene magetsi adutsa asanaifike.

Nanga ADC imapeza bwanji nambala? Mtundu wofala kwambiri pa mabolodi a DAQ ndi wotchedwa SAR, ndipo umagwira ntchito ngati sikelo yakale ya miyala. Woyeza amaika mwala waukulu kwambiri poyamba. Ukalemera kuposa katundu amauchotsa, ukapepuka amausiya. Kenako amaika mwala wa theka la woyamba uja, n'kuchita chimodzimodzi, kenako wa theka la umenewo, mpaka wochepetsetsa. Miyala imene yatsala pa mbale ndiyo yankho. SAR ya mabiti 16 imayesa motero ka 16, ndipo ambiri amamaliza zonsezi m'mamaikirosekondi ochepa. Katundu sayenera kusintha uku mukuyeza, n'chifukwa chake kutsogolo kwa ADC kumakhala kapasita, kachida kakang'ono kosunga magetsi, kamene kamatapa voteji n'kuigwira chiimire mpaka kuyeza kuthe.

Mtundu wina ndi delta-sigma. Umenewu umawerenga mofulumira kwambiri koma mwachisawawa, nthawi zambiri ndi biti imodzi yokha, kenako umaphatikiza miyezo yambirimbiriyo kudzera mu sefa ya masamu n'kutulutsa nambala imodzi yosalala bwino. Ma ADC a mabiti 24 pafupifupi onse ndi a mtundu umenewu. Vuto lake ndi loti yankho limachedwerapo, chifukwa sefa ija imafuna nthawi kuti ikhazikike. Palinso mtundu wa flash, wothamanga kuposa yonse koma wa mabiti ochepa, umene malo ake ndi m'zida ngati za radar osati pa boyila.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Masitepe ambiri sakutanthauza kuti muyezo ndi woona. Sikelo ikhoza kumaonetsa mpaka magalamu koma ili yolakwa ndi makilogalamu awiri athunthu. Pa mavolti 5, sitepe ya ADC ya mabiti 24 ndi gawo losakwana limodzi mwa magawo atatu a maikirovolti, pamene phokoso la magetsi la m'mawaya ndi m'chip momwemo limaposa pamenepo kutali. Manambala a kumapeto amangovinavina, osanena kanthu. Opanga zinthu okhulupirika amalemba nambala ina yotchedwa ENOB, imene imanena mabiti amene akugwiradi ntchito phokoso litachotsedwa. Munthu wodziwa amathamangira nambala imeneyi asanayang'ane ya pakatoni.

Kuwerenga kangati pa sekondi?

ADC siyang'ana mosalekeza. Imatapa muyezo, kupuma, n'kutapanso. Zochitika pakati pa miyezo iwiri siziona. Kutentha kwa makina oumitsira tiyi m'mafakitale a ku Thyolo ndi Mulanje kumasintha pang'onopang'ono, ndipo kuwerenga kamodzi kapena kangapo pa sekondi n'kokwanira. Kunjenjemera kwa mota ndi nkhani ina. Mota wamba wa m'fakitale amene amazungulira ka 1,450 pa mphindi amazungulira pafupifupi ka 24 pa sekondi, koma beyaring'i ikayamba kutha, zizindikiro zake zoyamba zimaonekera pa kunjenjemera kwa maulendo masauzande pa sekondi. Wofuna kuzigwira msanga ayenera kuwerenga maulendo masauzande makumi angapo pa sekondi.

Lamulo lake limadziwika ndi dzina la Harry Nyquist, amene analemba za nkhaniyi mu 1928, ndipo Claude Shannon analikhazikitsa bwino mu 1949. Onse awiri ankagwira ntchito ya kafukufuku wa matelefoni ku America. Lamuloli likuti muyenera kuwerenga mofulumira kuposa kawiri liwiro la chinthu chothamanga kwambiri chimene chili m'magetsi mukuyezawo. Liwiro limeneli limawerengedwa m'ma Hz, kutanthauza maulendo pa sekondi. N'chifukwa chake nyimbo za pa CD zimatapidwa ka 44,100 pa sekondi, popeza khutu la munthu limathera cha pa Hz 20,000. Kawiri ndi malire a pansi chabe, ndipo amene akufuna kuona bwino maonekedwe a funde amawerenga ka 5 kapena ka 10 kuposa liwiro lake.

Mukaphwanya lamuloli, chinthu chothamanga chija sichisowa. Chimabwera chitadzisintha, n'kumaoneka ngati chinthu choyenda pang'onopang'ono chimene kulibe. Ndi zomwe zimachitika pa vidiyo mateyala a galimoto yothamanga akamaoneka ngati akuzungulira chobwerera m'mbuyo. Vutoli amalitcha aliasing. Mukamawerenga ka 1,000 pa sekondi, kunjenjemera kwa Hz 950 kumaoneka ngati kwa Hz 50. Injiniya akaona Hz 50 pa sikirini, maganizo ake amathamangira ku magetsi a ESCOM, n'kuyamba kufufuza mawaya, pamene vuto lili m'giyabokosi. Choopsa chake n'chakuti bodza limeneli likangolowa m'manambala, palibe pulogalamu imene ingalisiyanitse ndi zoona. Liyenera kutsekedwa ndi sefa ya magetsi isanafike ADC. Timabolodi tambiri totchipa tilibe sefa imeneyi, timasiyira wogula kuti aike yekha.

ADC imodzi ya onse, kapena tchanelo chilichonse ndi yake?

Pa mabolodi a matchanelo ambiri, nkhani yagona apa.

Njira yotchipa ndiyo kukhala ndi ADC imodzi ndi switchi ya magetsi yotchedwa multiplexer, imene imalumikiza tchanelo choyamba, kenako chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza, n'kuyambiranso. ADS1115 ya kampani ya Texas Instruments, imene ili pa timabolodi tambiri tolumikiza ku Arduino ndi Raspberry Pi, ndi yotere: mabiti 16, makomo anayi, ADC imodzi, ndipo siipitirira miyezo 860 pa sekondi. Pa thanki ya madzi, batire ya sola kapena kutentha kwa m'nyumba yosungira mbewu, imagwira ntchito yabwino ndithu. Mabolodi ambiri odula a m'fakitale nawonso amagwiritsa ntchito multiplexer, si chinthu chochititsa manyazi.

Koma njirayi ili ndi zotsatira zitatu zimene wogula ayenera kuzidziwa. Choyamba n'chosavuta: liwiro lolembedwa pakatoni ndi logawana. Bolodi ya miyezo 250,000 pa sekondi ikamawerenga matchanelo 16, chilichonse chimapeza 15,625.

Chachiwiri n'chakuti tchanelo chimasiyira chinzake fungo. Tinene kuti tchanelo 3 chili pa mavolti 9 ndipo tchanelo 4 ndi thermocouple ya mamilivolti ochepa. Switchi ikadumpha kuchoka pa 3 kupita pa 4, amplifaya ndi kapasita kaja ziyenera kutsika kuchoka pa mavolti 9 kufika pafupi ndi ziro, ndipo zimafuna nthawi. ADC ikawerenga zisanakhazikike, tchanelo 4 chimaonetsa kutentha kokwera, ndipo kumakwera ndi kutsika motsatira tchanelo 3. Chimodzimodzi tchanelo chimene sichinalumikizidwe ku chilichonse: m'malo mowerenga ziro, chimatengera mnzake woyandikana naye. Amisiri ambiri asinthapo sensa yabwinobwino chifukwa cha zimenezi. Mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro, kuika matchanelo a voteji yofanana moyandikana, ndi kulumikiza makomo opanda ntchito ku ziro.

Chachitatu ndicho chachikulu. Matchanelo sakuwerengedwa pa nthawi imodzi. Pa kutentha, kusiyana kwa kachigawo ka sekondi kulibe kanthu. Pa magetsi kuli ndi kanthu. Magetsi a ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho funde limodzi limatenga mamilisekondi 20. Funde limagawidwa m'madigiri 360 ngati a bwalo (osati a kutentha), ndiye digiri imodzi ndi mamaikirosekondi pafupifupi 56. Kuti mudziwe mphamvu yeniyeni imene mota ikudya, muyenera kudziwa voteji, karenti, komanso kuti karenti yatsalira m'mbuyo mwa voteji ndi madigiri angati.

Tsono tengani bolodi ya matchanelo 8 imene imasintha tchanelo pa mamaikirosekondi 100 aliwonse. Voteji ili pa tchanelo choyamba, karenti ili pa chomaliza. Pakati pa miyezo iwiriyi padutsa mamaikirosekondi 700, amene ndi madigiri 12.6. Ngati kusiyana kwenikweni kunali madigiri 30, kompyuta ikhoza kuona 42.6, ndipo mphamvu imene iwerengetse idzachepa ndi pafupifupi 15 peresenti. ADC sinalakwitse muyezo uliwonse. Nambala iliyonse payokha ndi yoona mpaka biti yomaliza, koma zikaphatikizidwa zikunena bodza. Pulogalamu ikhoza kukonzako zimenezi ngati kuchedwako kukudziwika bwino, koma pa nthawi ya ngozi, pamene magetsi akusintha mwadzidzidzi, kukonza kotero sikudalirika kwenikweni.

Njira yachiwiri ndiyo kutapa matchanelo onse pa kamphindi kamodzi. Tchanelo chilichonse chimakhala ndi kapasita kake kogwira voteji, mwinanso ADC yakeyake, ndipo zonse zimamvera wotchi imodzi. AD7606 ya kampani ya Analog Devices ndi chitsanzo chodziwika: matchanelo 8, mabiti 16, miyezo 200,000 pa sekondi pa tchanelo chilichonse, onse pamodzi. Imapezeka kwambiri m'zida zoyang'anira ndi kuteteza mizere ya magetsi, ndipo matchanelo 8 amakwanira bwino voteji zinayi ndi karenti zinayi, za mawaya atatu ndi nyutulo. Zoyezera kunjenjemera nazo zimafuna njirayi, chifukwa injiniya amafuna kudziwa ngati mbali ziwiri za shafti zikugwedezekera limodzi kapena mosemphana.

Makina akakula, bolodi imodzi siikwana, ndipo vuto lomwelo limabweranso pakati pa bolodi ndi bolodi. Zikakhala m'bokosi limodzi zimagawana waya wa wotchi. Zikatalikirana zimagwirizanitsa nthawi kudzera pa netiweki, motsatira malamulo otchedwa IEEE 1588, kapena zimatenga nthawi ku masetilaiti a GPS. M'masabusiteshoni a magetsi amakono otsatira malamulo otchedwa IEC 61850, zida zambiri zimatapa funde lililonse ka 80, kutanthauza miyezo 4,000 pa sekondi pa magetsi a Hz 50, ndipo muyezo uliwonse umanyamula nambala yosonyeza nthawi yake.

Palibe njira yopambana inzake paliponse. Matchanelo 60 a kutentha pa bolodi yotapa pamodzi ndi kutaya ndalama. Chitetezo cha jenereta pa multiplexer yochedwa ndi kuika makina pa ngozi.

Phokoso, mawaya aatali ndi mphenzi

Pa tebulo la mu labu, sensa imakhala pafupi ndi bolodi. M'fakitale waya umayenda mamita mazana, kudutsa pafupi ndi mamota, makina owotcherera, ndi ma VSD osintha liwiro la mota, amene amatchuka ndi kumwaza phokoso la magetsi. Waya wautali umatola zonsezi ngati eriyo. Kumbukirani kuti uthenga umene wanyamula ndi wa mamilivolti 20.

Chitetezo choyamba ndi kayezedwe. Njira yophweka imayeza waya umodzi poyerekezera ndi ziro wa bolodi. Njira yabwinopo, yotchedwa differential, imatenga mawaya awiri ochokera ku sensa n'kuyeza kusiyana kwawo kokha. Mawayawo akapotedwa pamodzi amatola phokoso lofanana, ndipo pochotsera limafafanizika. Mtengo wake ndi woti tchanelo chilichonse chimadya makomo awiri, choncho bolodi yolembedwa matchanelo 16 imasanduka ya 8. Otsatsa malonda amakonda kulemba nambala yaikuluyo.

Chitetezo chachiwiri ndi kusatumiza voteji n'komwe. Mafakitale padziko lonse anazolowera kutumiza muyezo ngati karenti ya pakati pa mamiliampeya 4 ndi 20. Karenti imene yatuluka ku sensa ndi yomweyo imene imafika ku bolodi, waya utalike bwanji. Ikafika imadutsa mu rezisita, kawirikawiri ya ma ohm 250, n'kusanduka volti 1 mpaka 5 kuti ADC iwerenge. Kuyambira pa 4 osati pa ziro ndi nzeru yakuya. Thanki ikakhala yopanda kanthu, karenti ndi 4. Waya ukaduka, karenti ndi ziro. Motero makina amatha kusiyanitsa thanki youma ndi waya woduka. Malangizo a ku Germany otchedwa NAMUR NE 43 amapitirira pamenepo: karenti ikatsika kufika pa 3.6 kapena kukwera kufika pa 21, sensa ikunena kuti yadwala. Karenti 4 yomweyo ndi imenenso imadyetsa sensa, ndiye mawaya awiri okha amakwanira zonse.

Phokoso limene silisowa ndi la Hz 50 la magetsi a m'nyumba momwemo. Pa miyezo yoyenda pang'onopang'ono pali kachenjerero kake. ADC ikatenga avareji ya mamilisekondi 20 enieni, funde lathunthu la Hz 50 limalowamo, theka lokwera ndi theka lotsika, n'kudzifafaniza lokha. Ku America magetsi ndi a Hz 60, ndipo nthawi yofananira nayo ndi mamilisekondi 16.7. Bolodi imene yabwera itatcheredwa pa Hz 60 ikaikidwa ku Kanengo kapena ku Makata, manambala ake amagwedera mpaka wina atalowa m'pulogalamu n'kusankha 50. Ndi kanthu kakang'ono koiwalika msanga.

Ndiye pali nkhani ya earth. Timaganiza kuti nthaka ili pa ziro paliponse, koma m'fakitale earth ya kumapampu ndi earth ya kuchipinda choyendetsera makina zikhoza kusiyana ndi mavolti angapo. Waya wa sensa ukalumikiza malo awiriwa, karenti yosafunika imayenda m'menemo n'kusokoneza muyezo. Ichi n'chifukwa chake amisiri a zoyezera kawirikawiri amalumikiza chofunda chachitsulo cha kebulo ku earth mbali imodzi yokha. Nyengo ya dzinja, mphenzi ikagwa pafupi, kusiyanako kumalumpha kufika mavolti masauzande kwa kanthawi kochepa. Aliyense amene ali ndi mawaya opita ku mijigo, akasinja a paphiri kapena mapampu a kumtsinje amadziwa zimene zimatsatira.

Yankho lake ndi kudula kulumikizana kwa chitsulo pakati pa mbali ya sensa ndi mbali ya kompyuta, zimene amati isolation. Manambala amawoloka mpatawo kudzera m'kuwala, m'kathiransifoma kakang'ono kapena m'kapasita, koma karenti siiwoloka. Mabolodi ena amapatula gulu lonse la matchanelo kuchoka ku kompyuta, ena amapatula tchanelo chilichonse kuchoka kwa chinzake. Achiwiriwa ndi oboola m'thumba, popeza tchanelo chilichonse chimafuna magetsi akeake ndipo kawirikawiri ADC yakenso. Isolation payokha siimitsa mphenzi yogunda mwachindunji, pamafunikabe zotchinga zapadera pa kebulo, koma nthawi zambiri imachititsa kuti chopsa chikhale tchanelo chimodzi m'malo mwa kabati yonse.

Manambala akatuluka amapita kuti?

Miyezo ya pang'onopang'ono imapita ku PLC, kompyuta yolimba yoyendetsa makina, ndipo kumeneko bolodi ya ADC imangotchedwa khadi ya analogi. Pa ma PLC a Siemens a mtundu wa S7, mamiliampeya 4 amaoneka ngati 0 ndipo 20 amaoneka ngati 27,648. Wolemba pulogalamu ndi amene amauza makina kuti 27,648 ndi thanki yodzaza kapena madigiri 150. Akasokoneza pamenepa, bolodi yabwino chotani singamupulumutse. Kuchoka pa PLC manambala amapita ku masikirini a m'chipinda choyendetsera, kawirikawiri kudzera pa Modbus, njira yolankhulirana imene kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979 ndipo ikadali ponseponse. Modbus imanyamula mabiti 16 pa kabokosi kamodzi, choncho muyezo waukulu umagawidwa pawiri, ndipo makampani sagwirizana kuti theka loyamba kutumizidwa ndi liti. Mukaona mita yatsopano ikunena kuti pampu ikudya mphamvu yokwanira mzinda wonse, yambani mwayang'ana pamenepo.

Miyezo yothamanga ili ndi vuto lina, la kuchuluka. Matchanelo 32, chilichonse ka 50,000 pa sekondi, pa mabiti 16, amatulutsa mamegabaiti 3.2 pa sekondi, amene ndi magigabaiti oposa 270 pa tsiku. Kompyuta ya Windows nthawi zina imatanganidwa ndi zake kwa kanthawi, koma ADC siidikira. N'chifukwa chake bolodi imakhala ndi memore yake yosungira manambala pamzere mpaka kompyuta ibwerere. Memore ikadzaza, miyezo imatayika, ndipo bolodi yabwino imanena poyera kuti yataya. Mafakitale ambiri sasunga zonse. Bolodi imawerengera yokha zofunika, monga kukula kwa kunjenjemera, n'kusunga funde lathunthu pokhapokha pakachitika chachilendo, pamodzi ndi kachigawo ka nthawi chisanachitike. Kachigawo kameneko ndi kamene mainjiniya amakafuna mawa lake pofufuza chimene chinayamba kulakwika.

Kutentha ndi kukalamba

Nambala iliyonse ya ADC ndi kuyerekezera ndi voteji ya chip yoyerekezera ija, ndipo chip imeneyi imasuntha kukatentha. Tinene kuti imasuntha ndi magawo 10 pa miliyoni pa digiri iliyonse, imene si nambala yoipa. Kabati ikatentha ndi madigiri 30 kuposa pamene bolodi inatcheredwa, muyezo wasuntha ndi magawo 300 pa miliyoni. Sitepe ya mabiti 16 ndi magawo pafupifupi 15 pa miliyoni, ndiye kuti masitepe 20 apita ndi kutentha kokha. Ku Chigwa cha Shire, kumene kuli minda ndi fakitale ya shuga ya Nchalo, mwezi wa Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 40, ndipo m'kabati yachitsulo yotseka mumatentha kuposa apo. Zipangizo zopangidwira mafakitale zambiri zimalonjezedwa kugwira ntchito kuyambira madigiri 40 kumunsi kwa ziro mpaka 85, ndipo pepala lake limanena kuti muyezo usuntha bwanji m'kati mwa malire amenewa. Thermocouple ili ndi vuto lake lowonjezera: imayeza kusiyana kwa kutentha pakati pa nsonga yake ndi pamene mawaya amangidwa pa bolodi, choncho bolodi iyenera kukhala ndi sensa ina pomangirapo. Fani ikamapemerera mbali imodzi ya pomangirapo, matchanelo a mbali imeneyo amasiyana ndi anzawo ndi digiri imodzi kapena ziwiri.

Zipangizo zimasunthanso ndi zaka, n'chifukwa chake zimafuna kuyesedwa ndi kutcheredwanso nthawi ndi nthawi, kawirikawiri kamodzi pachaka. Masikelo ogulitsira malonda, monga oyezera nzimbe, fodya ndi malole, amayenderedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, chifukwa pamenepo cholakwa cha ADC ndi ndalama za mlimi kapena za wogula. Matchanelo ena onse a m'fakitale amadalira mmisiri wa zoyezera wa pamalopo. Iye amamasula waya wa sensa, n'kulumikiza kachida kotulutsa karenti yodziwika, kenako amatumiza mamiliampeya 4, 12 ndi 20 uku mnzake akuwerenga sikirini. Pa 4 payenera kuoneka ziro, pa 12 theka, pa 20 muyezo wathunthu. Malo onse atatu akalakwa mofanana, ziro wasuntha. Cholakwa chikamakula pamene karenti ikukwera, vuto lili mu amplifaya, mu rezisita ya ma ohm 250 kapena mu voteji yoyerekezera. Onse atatu akakhala bwino koma fakitale ikuonabe manambala okayikitsa, bolodi ilibe mlandu, ndipo ayenera kutsata kebulo mpaka kukafika pa sensa.